Njuchi mabiliyoni awiri, yoluma imodzi

Akuluakulu adati chuluke chuluke ngwa njuchi, umanena iyo yakuluma. Ine ndinkayesa mwambiwu umathera pabwalo la milandu, kufikira tsiku lomwe ndidakumana ndi nambala iyi: 2,147,483,647.

Tiyerekeze kuti amalume atsikira kulichete, asiya makwacha ochuluka chonchi ku banki. Ana awo awiri akhala pamphasa kuti agawane. Aliyense watenga K1,073,741,823, patsala kwacha imodzi. Tsiku la sadaka kwatulukira mwana wachitatu, wa ku Joni uja palibe ankamudziwa. Gawaninso, itsalabe kwacha imodzi. Anawo akhale 6, akhale 7, 9 kapena 11, kakwacha kaja kali pomwepo, kakukuyang'anani. Ndalama yosagula ngakhale switi! Koma mlandu wokafika kwa amfumu udzakhala wa iyoyo, mabiliyoni aja osatchulidwa n'komwe.

Vuto si ana. Nambalayi ndi youmira chibadwire. Akatswiri a masamu amaitcha prime number, kutanthauza kuti imagawika ndi 1 ndi iyo yokha basi, ena onse amasiya kotsala. Kuti muipeze, chulukitsani ma 2 okwana 31, muchotsepo 1. Nambala za mtundu wotere zidatengera dzina kwa Marin Mersenne, wansembe wa ku France, ndipo yemwe adatsimikiza kuumira kwa iyi ndi Leonhard Euler mu 1772, alibe kakyuleta, maso atachita kale khungu. Ife lero foni ili m'manja, koma ndalama za chipereganyu zimatisokonezabe mutu.

Kompyuta nayonso idalumidwa ndi njuchi yomweyi. Mapulogalamu ambiri amasunga nambala m'kankhokwe ka mabiti 32, ndipo kankhokweko kamadzaza ndendende pa 2,147,483,647. Ikanipo imodzi yokha, kamagubuduzika mpaka -2,147,483,648. Munthu wagona ali mpondamatiki, wadzuka ali ndi ngongole yoposa chuma chake. A YouTube adaona ngozi ikubwera pamene anthu ankathamangira kuonera Gangnam Style, nyimbo ya Psy wa ku South Korea, ndipo mu Disembala 2014 adalengeza kuti nkhokwe yawo aikulitsa kufika pa mabiti 64. Oonera mabiliyoni awiri adadutsa bwinobwino, woopsa adali mmodzi wotsatirayo.

Njuchi ina ikadali m'mng'oma. Makina ambiri akale amawerenga nthawi m'masekondi kuyambira pa 1 Januwale 1970, ndipo masekondiwo adzakwana 2,147,483,647 pa 19 Januwale 2038, cha m'ma 5:14 m'mawa nthawi ya kuno kwathu. Sekondi yotsatira, makina osakonzedwa adzati tili mu Disembala 1901, John Chilembwe akadali moyo ku Mbombwe.

Ngati muli ndi ngongole yoti mudzabweze mu 2038, musathamangire kulipira. Yambani mwafunsa kuti kompyuta ya okongozawo ndi ya mabiti angati.