Mauka anandipeza ku Nairobi

Ndinapita ku Nairobi mu July kukapikula zovala ku Eastleigh. Mzindawu uli pamtunda, pafupifupi mamita 1,800 kuchokera pomwe pali nyanja yamchere, ndipo mwezi umenewo kumazizira kwambiri. Chimfine chinandigwira nditangofika. Poopa kuti ulendo ungawonongeke, ndinalowa m'kasitolo ka mankhwala n'kugula makapisozi a amoxicillin. Ku Kenya mankhwala otere amayenera kugulitsidwa ndi kalata ya dokotala, koma wogulitsayo sanandifunse, nanenso ndinangokhala chete.

Chimfine chinatha, kenako kunayamba kuyabwa kumaso. Chikazi chinkatuluka choyera, cha mibulumibulu ngati chambiko, ndipo pokodza pankaotcha. Kukhala m'matatu, minibasi ya kumeneko, pamdipiti wa magalimoto thupi likuyabwa chonchi, pamalo poti sungakande pagulu, ndi chizunzo chimene sindifunira mayi mnzanga aliyense.

Maganizo anga anathamangira kwa bambo a kunyumba. Usiku wina ndinawaimbira foni ku Lilongwe, ndikulira.

"Bambo a mwana, mwandipatsa matenda anji? Mumayenda ndi ndani?"

Iwo anangoti, "Mayi a mwana, pitani kuchipatala kaye."

Sindinapite. Manyazi anandigwira, ndiponso ndinkaumira ndalama ya katundu. Ndinabwerera kukasitolo kaja kukagula makapisozi ena amphamvu, poganiza kuti ndi matenda opatsirana pogonana. Zinthu zinafika poipa, moti kuyenda kumene kunkandivuta.

Nditapita ku kiliniki ina, dokotala wachizimayi anandipima n'kufunsa ngati ndamwa maantibayotiki posachedwa. Ndinavomera, ndipo anati ndi mauka. Anandifotokozera kuti m'njira ya amayi mumakhala mabakiteriya abwino otchedwa Lactobacillus, amene amachititsa kuti malowo akhale owawasa ndipo fangasi wotchedwa Candida albicans asachulukane. Amoxicillin sasankha, amapha abwino ndi oipa omwe, fangasi uja n'kupeza mpata. Chinandiwawa kwambiri n'chakuti chimfine chimayamba ndi mavairasi, omwe makapisozi aja sawakhudza n'komwe. Ndinadzivulaza ndi mankhwala amene sindinkafunikira.

Anandifunsanso ngati ndili ndi pakati kapena shuga, chifukwa zonsezi zimakoka mauka, ndipo mapiritsi a fluconazole sapatsidwa mwachisawawa kwa mayi woyembekezera. Ine anandipatsa clotrimazole woika m'njira ndi wopaka. Anati amayi atatu mwa anayi alionse amadwalapo zimenezi pamoyo wawo, ngakhale amene sanakhalepo ndi mwamuna. Akanatiuza zimenezi kusikelo kapena kuchilangizo, ambiri sitikanavutika ndi mantha.

Kuyabwa kunatha pasanapite nthawi. Zakunyumba ndiye zinatenga nthawi, chifukwa bambo aja, powawidwa mtima, anali atauza kale achemwali awo, ndipo nkhani inafika kwa ankhoswe. Nditabwerera ndinakhala pamphasa pamaso pa amalume, kapepala ka ku kiliniki kali m'manja, n'kufotokoza zonse kuyambira pa chimfine chija. Ndinapepesa mwamuna wanga pamaso pawo, koma panapita miyezi asanayambenso kundiperekeza kudepoti ndikamapita kukapikula katundu.