Mmene mungakokere sled pa nyanja youndana mpaka kulira

Pa ayezi wosalala, mwana wa zaka 10 angathe kukoka sled yodzaza katundu ndi dzanja limodzi, dzanja linalo akudya bisiketi. Choncho munthu wamkulu amene akufuna kukafika pamalo owedzera atatheratu, lilime lili panja, ayenera kukonzekera bwino, chifukwa zotere sizichitika mwangozi. Malangizo awa ndi a asodzi a ku Minnesota, Wisconsin, Ontario ndi Manitoba amene alibe snowmobile, kagalimoto kaja koyenda pa chipale chofewa, omwe amayenda wapansi pa nyanja zoundana monga Mille Lacs, Simcoe kapena Winnipeg, akukoka chibeseni chachitali chapulasitiki chija momwe mumakhala choboolera ayezi, ndodo, nyambo ndi tenti.

Ntchito imayambira kunyumba usiku wake, ndipo lamulo ndi limodzi: chilichonse chimene mwina mungadzachifune, tengani. Choboolera chopukusa ndi manja sichifika makilogalamu 5 ndipo chimathana ndi ayezi wa mu Disembala popanda vuto. Chisiyeni pakhoma. Tengani cha petulo, cholemera kuposa makilogalamu 10, pamodzi ndi kachigubu ka mafuta ake. Hita yaing'ono imayaka ndi timasilinda ta gasi togwirika ndi dzanja limodzi, koma inu nyamulani chisilinda cha pa chitofu chowotchera nyama, chomwe chikadzaza chimalemera makilogalamu pafupifupi 17. Tinsomba ta nyambo tingakhale bwinobwino m'kachigubu kakang'ono. Tipatseni ulemu: ndowa yonse ya magaloni 5, yodzaza mpaka pakamwa. Amenewo ndi malita pafupifupi 19, ndipo lita imodzi ya madzi ndi kilogalamu imodzi. Ndi zoona kuti mukunyamula madzi kupita nawo kunyanja, koma musalole maganizo amenewo akusokonezeni.

Lamulo la ku Minnesota limalola munthu kuponya zingwe ziwiri zokha pa ayezi, ndiye ndodo 8 n'zokwanira. Makina oonera nsomba pansi pa madzi muwaikire batire lakale la mtovu, osati la lithium lopepuka lija. Onjezani tenti ya anthu anayi ngakhale muli nokha, mpando wopinda, mpando wina wa mlendo amene angatulukire, fosholo yachitsulo, wailesi. Palibe chimene chikulemera pachokha. Akuluakulu anati pang'onopang'ono ndi mtolo, ndipo mtolowo ndi umene tikufuna.

Wina akakunenani, mbiri ili kumbali yanu. M'nyengo yozizira ya 1911 ku Antarctica, Olav Bjaaland wa gulu la Roald Amundsen anathera nthawi yake akupala matabwa a ma sled awo kuti apepuke, ndipo gululo, lokokedwa ndi agalu, linafika ku South Pole pa 14 Disembala chaka chomwecho n'kubwerako bwinobwino. Zimenezo muziiwale. Anthu a Robert Falcon Scott anakoka katundu ndi matupi awo, anafika pa 17 Januwale 1912, ndipo pobwerera anawonjezera miyala ya makilogalamu pafupifupi 16 imene sanaitaye mpaka pomwe anamwalirira. Iwowo anali ndi chifukwa chomveka, poti miyalayo inali ndi zidindo za zomera zakalekale zimene asayansi anazifuna. Inu simukusowa chifukwa chachikulu choncho. Chitofu chowotchera soseji chimakwana.

Popakira, zolemera zonse ziikeni kutsogolo. Anthu amene amafuna kufika msanga amaika zolemera pansi, chapakati kapena chakumbuyo, kuti mphuno ya sled idzuke n'kumakwera pamwamba pa chipale chofewa. Yanu ikhale yozyolika, mphuno itazika pansi, izilima chipale ngati pulawo m'munda wa tsala, mulu ukukula kutsogolo kwake pa phazi lililonse limene mwaponya. Zotsalazo ziunjikeni mmwamba, zopepuka pansi, ndowa ya madzi pamwamba penipeni. Musamange ndi malamba a mphira, musaphimbe ndi chinsalu. Mphepo ya pa nyanja yopanda mtengo idzathiramo chipale chaulere, ndipo pa kachitunda koyamba zonse zidzagubuduka, tinsomba tija tili phiriphiri pa ayezi, inu mukutitola ndi zala zosamva kanthu.

Tsopano chingwe, pomwe pagona luso lonse. Sled imachoka kusitolo ndi kachingwe kakafupi, kowonda, ka nayiloni. Kamenekako musakasinthe. Ubwino wake woyamba ndi woti sled imayenda pafupi kwambiri ndi inu, ndiye mukangochepetsa liwiro imakugundani m'zidendene, ndipo mukaima mwadzidzidzi imakupindani mawondo. Ubwino wachiwiri ndi woti simungakoloweke paphewa, ndiye muyenera kukagwira ndi dzanja limodzi kumbuyo, thupi litapotoka, phewa limodzi kutsogolo lina kumbuyo, mpaka msana udziwe kuti lero ndi Loweruka. Kakayamba kuterereka m'golovesi, kakulungeni katatu kuzungulira chikhatho. Magazi adzasiya kufika ku zala, ndipo pa madigiri 20 pansi pa ziro zala zopanda magazi sizichedwa kuyera.

Mudzaona ena akudutsa atamanga chingwe chokhuthala, chachitali mamita angapo, chitakolowekedwa pa lamba wa m'chiuno kapena pa malamba a m'mapewa ngati a chikwama chakumsana, manja onse ali omasuka, thupi litangopendekera kutsogolo pang'ono, miyendo ndi kulemera kwa thupi zikugwira ntchito yonse. Ena amafika polowetsa zingwezo m'mapaipi awiri apulasitiki kuti sled isawathamangire pa malo otsetsereka, mofanana ndi mmene anthu a ku Norway, Sweden ndi Finland amakokera sled yawo yotchedwa pulk. Oterowo apatseni moni basi. Ngati chingwe chanu chaduka n'kufunika kumanganso, mangani pa bowo limodzi lakumbali, osati onse awiri, kuti sled iziyenda chammbali, ikulozera ku Canada pomwe inu mukupita kummawa.

Kunsi kwa sled nakonso kumafuna chisamaliro. Pulasitiki yatsopano imakhala yosalala kwambiri, ndipo vuto limeneli limathetsedwa pamalo oimikapo magalimoto. Imikani galimoto kutali ndi gombe, mupakire zonse pomwepo, n'kukokera sled pa tala, pa timiyala ndi mchenga umene amawaza m'misewu nthawi yozizira. Maulendo atatu okha, kunsi kudzakhala mikwingwirima yokhayokha, ndi tinyenyeswa ta pulasitiki tolendewera tomwe timagwira chipale bwino kwambiri. Pali timizere ta pulasitiki yolimba, totchedwa hyfax, timene ena amamangirira kunsi kuti kusaperepeseke. Ndalama imeneyo gulirani mpando wachitatu. Phula la maski otsetserekera pa chipale, polishi wa galimoto kapena mankhwala opopera a silikoni, zonsezo zimatenga mphindi khumi m'galaja, ndipo mphindi khumi ndi nthawi yambiri. A Inuit ankamata kunsi kwa ma sled awo ndi dothi kapena ndere, n'kupakapo madzi pang'onopang'ono mpaka pakhale kachikamba ka ayezi kosalala, ndipo ankabwereza kakaphwanyika. Koma iwo anali ndi kwina kopita.

Chinsinsi china chimene ambiri sachidziwa: sled ikhale yofunda. Igonekeni m'nyumba, muyende nayo m'galimoto hita ili pamwamba, ndipo mukafika muitsitsire pa chipale nthawi yomweyo n'kuisiya pamenepo mukumanga nsapato. Chipale cha pansi pake chidzasungunuka pang'ono, kenako n'kuumanso chitamatirira ku pulasitiki. Mukamadzakoka koyamba mudzaganiza kuti wina waikhomera misomali.

Posachedwa mnzanu wina adzakuuzani za Smitty sled. Adzafotokoza kuti ndi maski awiri akale otsetserekera m'mapiri, ogula motchipa m'masitolo a kaunjika monga Goodwill, pamwamba pake atamangirirapo timatabwa toimirira ndi matabwa awiri opingasa, ndipo chibeseni chonse chimakhala pamwamba pa chimango chimenecho. M'malo moti mimba yonse ya beseni ikhuze chipale n'kumachikankha, pansi pamangogunda maski awiri opangidwira kutsetsereka. Adzanena kuti akukoka ndi zala ziwiri katundu amene kale ankamuliza. Sakunama, ndipo n'chifukwa chake muyenera kusamala naye.

Ngati wakukakamizani mpaka mwavomera kupanga yanu, zinthu sizinaipe, njira zilipo. Poboola maski, musakumbe timaenje tobisamo mitu ya mabawuti. Mitu isiyeni itatulukira kunsi, iliyonse izilemba mzere wake pa ayezi. Poyeza musagwiritse ntchito tepi, diso limakwana. Maski akayandikana kutsogolo n'kutalikirana kumbuyo, mwapeza kaimidwe kamene ana amaphunzitsidwa tsiku loyamba ku phiri kuti aziimitsira liwiro, ndipo sled yanu idzayenda ulendo wonse ikugwira buleki. Matabwa sankhani okhuthala, aawisi, onyikidwa m'mankhwala, amene amamangira makhonde, kuti chimango chokha chilemere kuposa katundu. Timatabwa toimirira tikhale tatifupi kwambiri kuti beseni lizikhuzabe chipale, kapena tatitali kwambiri pa maski oyandikana kuti zonse zizigwa chammbali mphepo ikangotsokomola. Ine ndimakonda njira yachiwiriyi chifukwa imasangalatsanso oonerera.

Pa nyanja zikuluzikulu monga Mille Lacs ndi Lake of the Woods, eni malo ogona alendo amakumba misewu pa ayezi, ndipo pa nyanja zing'onozing'ono pamakhala kanjira kopondedwa kale ndi anzanu. Zimenezo n'za alendo. Inu dulani pakati, molunjika, m'milu ya chipale yosonkhanitsidwa ndi mphepo yofika m'mawondo. Mukachita mwayi mudzapeza chithaphwi chobisika. Chipale chikagwa chambiri chimalemera, ayezi n'kutitimira pang'ono, madzi n'kutuluka m'ming'alu n'kukhala pansi pa chipalecho osaundana, poti chipale chimawafunditsa. Pamwamba simuona kanthu kupatula mwina kabanga kotuwa. Lunjikani kabangako. Jombo zidzalowa, sled idzakhala pansi m'madzimo, ndipo mukadzaitulutsira ku mphepo zonyowa zonsezo zidzauma n'kukhala chikamba chokhakhala kunsi ndi m'mbali. Musachipale. Mukafika pa ayezi woyera wopanda chipale, onetsetsani kuti zitsulo zomangirira kunsi kwa nsapato mwaziiwala m'galimoto. Sled yolemera idzaima pomwepo, ndipo amene adzatsetsereke ndinu.

Tsiku lake likhale lozizira kwambiri, mmawa wa mu Januwale dzuwa lisanatuluke. Chinthu chimatsetsereka bwino pa chipale pamene kukhuzana kukusungunula timadzi pang'ono pansi pake. Kukazizira koopsa timadzito sitipezeka, chipale chimakhala chouma, chimalira kwichikwichi pansi pa nsapato, ndipo ngakhale maski abwino amakana.

Cholinga cha malangizo onsewa ndi choti muvutike, osati mumire, chifukwa womira sakokanso sled. Ndiye pa nkhani ya ayezi mverani a nthambi ya zachilengedwe ya boma la Minnesota, amene amati munthu asaponde ayezi watsopano woonekera mkati wosafika mainchesi 4, omwe ndi masentimita 10, ndi kuti ayezi wotuwa wosakanikirana ndi chipale mphamvu zake ndi theka chabe. Yendani ndi chitsulo chogogodera ayezi kutsogolo kwanu, timisomali todzikokera tilendewere m'khosi, ndipo musadzimangirire ku sled ndi mfundo imene simungaimasule ndi dzanja limodzi. Pa ayezi wa kumayambiriro kwa nyengo ndikulolani ngakhale chingwe chachitali, kuti kulemera kwanu ndi kwa katundu kusakhale malo amodzi. Ayezi akakhuthala mubwerere ku kachingwe kanu.

Zovala valani zonse pochoka pagalimoto: malaya athonje mkati, juzi ziwiri, chijasi, chisoti, zipi mpaka kuchibwano. Yambani mwaliwiro, osapumira. Pofika pakati pa ulendo thukuta lidzakhala likutsika mumsana, ndipo thonje limasunga madzi mokhulupirika. Mukafika, boolani dzenje n'kukhala pa ndowa osasuntha. Pakatha theka la ola mudzamva malayawo akuzizira pang'onopang'ono kuyambira m'mapewa. Ngati nsomba za walleye sizikudya pamalopo, asodzi a katundu wopepuka amanyamuka n'kukaboola kwina, mwina kasanu mwina kakhumi. Inu mudzayang'ana mulu wanu, mudzayang'ana nyanja, n'kuona kuti dzenje limeneli ndi labwino ndithu.

Mnzanu akadzati agwireko chingwe, kanani. Ngati mwabwera ndi mwana, akadzatopa mukwezeni pamwamba pa katundu. Mu Disembala ku Minnesota dzuwa limalowa isanakwane 5 koloko, choncho dikirani mdima kuti muyambe kupakira, tenti itauma gwa osafuna kupindika, tochi ili pansi pa zonse. Madzi a m'ndowa tsopano ndi chibuma, sled ili ndi chikamba chake, ndipo kumapeto kwa ulendo kuli chitunda cha konkire chotsitsirapo maboti, chimene mmawa munachitsika mosavuta. Kokani chobwerera m'mbuyo, ndi manja awiri, mutagwada.

Lolemba pitani kusitolo ya zowedzera. Fotokozerani wogulitsa kuti katundu wanu ankagwa m'njira chifukwa malo anachepa, ndipo akupatseni sled yaikulu kuposa zonse, ija yopangidwira kukokedwa ndi snowmobile.