Tiwavulire Chipewa a Clubcard, Mwini Mitengo Iwiri

Pakati pa akuluakulu onse a ku Britain, palibe amene amasenza ntchito yolemera mwakachetechete ngati a Clubcard. Alibe ofesi, alibe galimoto, sanaimepo pa chisankho. Amagona m'kachikwama ka ndalama, atapanikizika pakati pa khadi la ku banki ndi malisiti akale, ndipo masiku ano ambiri anawasamutsira m'foni. Komabe mabanja oposa 20 miliyoni amachita mantha kulowa m'sitolo ya Tesco atawasiya kunyumba, ndipo pa mapaundi 10 aliwonse amene amalowa m'matila a kampaniyi, pafupifupi 8 amadutsa iwo akuona. Mmalawi amene wangofika kumene ku Leicester kapena ku Manchester kudzagwira ntchito yosamalira okalamba, asanadziwe n'komwe basi yopita kuntchito, anzake amakhala atamulangiza kale kuti akalembetse kwa mkuluyu.

Mtundu wawo ndi wodziwika. Agogo awo anali masitampa a Green Shield, amene Tesco inayamba kupatsa ogula mu 1963. Munthu ankawanyambita, kuwamata m'kabuku, kabukuko kakadzaza n'kukasinthitsa ndi ketulo kapena mapoto. Mu 1977 Ian MacLaurin, mmodzi wa akuluakulu a Tesco, anawapirikitsa m'sitolo zonse za kampaniyo n'kungotsitsa mitengo kwa aliyense, wodziwika ndi wosadziwika yemwe. Masitampawo anali ndi chilema chimodzi chachikulu: anali osaona ndiponso osamva. Sankadziwa lilime limene lawanyambita.

Mdzukulu wawo anabadwa mu February 1995 ali ndi maso ndi makutu. Azamba ake anali Terry Leahy, amene panthawiyo ankayang'anira zotsatsa malonda ku Tesco, ndi banja lina lodziwa masamu, Clive Humby ndi mkazi wake Edwina Dunn, eni kampani yaing'ono ya dunnhumby. Banjali litaonetsa akuluakulu a Tesco zimene linapeza poyesa khadilo m'masitolo ochepa, MacLaurin yemwe uja, amene tsopano anali wapampando, anaulula kuti zamuopsa: anthu awiriwa anadziwa zambiri za makasitomala ake m'miyezi itatu kuposa zimene iye anadziwa m'zaka 30. David Sainsbury wa kampani yopikisana nayo ananyoza mwanayo, amvekere awa ndi masitampa akale omwe aja, angowaika magetsi. Chaka chomwecho Tesco inapitirira Sainsbury's n'kukhala sitolo yaikulu koposa m'dzikomo, ndipo mu 1996 onyoza aja anatulutsa khadi lawolawo. Mwana wonyozeka pobadwa anakula n'kuyamba kutchulidwa ndi ulemu.

Khalidwe loyamba loyenera kutamandidwa mwa a Clubcard ndi kumvetsera. Dziko ladzaza ndi anthu olankhula, koma iwo amangotchera khutu. Amadziwa nyumba imene yayamba kugula matewera, ngakhale apongozi asanauzidwe. Amadziwa bambo amene ankagula mabotolo awiri Lachisanu ndipo tsopano akugula asanu ndi limodzi Lachiwiri. Amadziwa banja limene limadya nyama sabata yolandira malipiro, kenaka n'kumathera mwezi pa nyemba ndi kabichi. Sadzudzula, saseka, saiwala. Ndi m'busa uti amene amadziwa nkhosa zake chonchi?

Ndipo nzeru zimenezi sazibisa pansi pa mphasa ngati munthu waumbombo. Kampani ya dunnhumby tsopano ndi ya Tesco, ndipo makampani opanga sopo, zakumwa ndi mabisiketi amalipira kuti amve zimene a Clubcard aona, komanso kuti malonda awo aonekere kwa anthu oyenera. Mu 2021 Tesco inatsegula nthambi yapadera ya ntchito imeneyi. Kampaniyi imatsimikiza kuti sigulitsa maina a anthu, ndipo palibe chifukwa chowatsutsira. Wopanga mabisiketi dzina la munthu alibe nalo ntchito. Chimene akufuna kudziwa n'chakuti ndi gulu liti limene limafooka likaona chokoleti nthawi ya 5 koloko madzulo.

Pa ntchito yonseyi wogula amalandira mphotho. Akagula zinthu za paundi imodzi amapatsidwa poyinti imodzi, ndipo poyinti imodzi ndi peni imodzi. Wagula za £100, a Clubcard amuthokoza ndi £1. Kale mapoyinti ankachuluka katatu munthu akakawagwiritsa ntchito kumalo odyera kapena osangalalira amene anagwirizana ndi Tesco, koma mu June 2023 anawabweza n'kukhala kawiri, mwina poopa kuti anthu angazolowere moyo wofewa. Mavocha akatha zaka ziwiri osagwiritsidwa ntchito amafa okha mwamtendere. Mayi wogulitsa tomato mumsika wa ku Limbe nayenso amadziwa kasitomala wake ndipo amamuikira banyira, koma mayiyo ndi wachikale: safunsa tsiku lobadwa, safunsa adiresi, ndipo zimene waona sakazigulitsa kwa wogulitsa anyezi.

Ntchito imene idzawasungire dzina a Clubcard inayamba mu 2019 ndipo inafalikira m'sitolo zonse kuyambira 2020. Kuyambira kalekale chinthu chimodzi pashelefu chinkakhala ndi mtengo umodzi, ndipo anthu ankaganiza kuti ndi mmene Mulungu analengera. Mkuluyu anaona kuti mtengo umodzi umasungulumwa, n'kuupezera mnzake. Tsopano pa botolo limodzi la mafuta ophikira pamakhala mitengo iwiri: wina wolembedwa bwino pa chikasu chowala, wa ana a pakhomo, wina wa anthu odutsa.

Chitsanzo chodziwika ndi nkhomaliro ya anthu apantchito, sangweji, kachakudya kotsatira ndi chakumwa, imene kwa zaka pafupifupi 10 inali £3 kwa aliyense. Pofika kumapeto kwa 2022 inali £3.40 kwa wokhala ndi khadi ndi £3.90 kwa wopanda. Mu 2024 inafika £3.60 ndi £4. Apa ndi pamene pali luso. Munthu amene ankalipira £3 anayamba kulipira £3.60, koma ankatuluka m'sitolo akumwetulira, chifukwa lisiti linkamuuza kuti wapulumutsa mapeni 40. Ndi ochepa padziko lapansi amene angakweze mtengo n'kulandira zikomo.

Kuiwala nakonso anakupezera chindapusa. Aphunzitsi ndi makolo akhala akulimbana ndi khalidwe limeneli kwa mibadwo yambiri osapambana, koma a Clubcard analigonjetsa m'zaka zochepa. Woiwala khadi, kapena amene foni yamuthimira ali pamzere, amalipira pomwepo. Ndipo taonani ubale umene wabadwa: m'dziko limene anthu amakhala moyandikana zaka 10 osapatsana moni, lero munthu amatembenukira kwa mlendo amene ali kumbuyo kwake pa tila n'kupempha mwaulemu kuti amubwereke khadi. Mwini khadi amavomera msanga, poti mapoyinti ndi ake. Zotsatira zake n'zakuti kwinakwake m'makompyuta a kampani muli gogo wa zaka 80 amene akuoneka kuti wayamba kumwa zakumwa zopatsa mphamvu.

Wamkulu sasowa adani. Bungwe loimira ogula la Which? linakawaneneza mu June 2023 ku Competition and Markets Authority, nthambi ya boma yoona za mpikisano pamalonda, chifukwa pa mitengo yachikasu ija sankalembapo mtengo wa kilogalamu kapena lita. Popanda zimenezo wogula sangadziwe msanga ngati botolo laling'ono lotsitsidwa likuposa lalikulu losatsitsidwa. Ena ankati uku n'kubisa, pamene kunali kungolimbikitsa masamu a pamtima pakati pa anthu otopa ochokera kuntchito. Tesco inagonja mu February 2024 n'kuyamba kulemba. Kampani ya Lidl nayo inawatengera kukhoti chifukwa cha chovala: bwalo lachikasu pa buluu, lofanana kwambiri ndi chizindikiro chake. Khoti lalikulu ku London linagamula mu April 2023 kuti Lidl ikunena zoona, ndipo linaona kuti ogula ena ankaganiza kuti mitengoyo ikufanana ndi ya ku Lidl. Khoti la apilo linavomereza mfundo yaikuluyo mu March 2024. A Clubcard anavula bwalolo, anavala chikasu cha makona anayi, ntchito n'kupitirira.

Tsiku lawo lachisangalalo linafika mu November 2024. Nthambi ya boma ija itafufuza zinthu pafupifupi 50,000 m'masitolo akuluakulu, inapeza kuti pa 100 zilizonse, 92 zinali zotsitsidwadi poyerekeza ndi mtengo wake wa masiku onse m'sitolo yomweyo, ndipo kutsikako kunali pakati pa 17 ndi 25 peresenti. Izi ndi zoona ndipo ziyenera kunenedwa mokweza: khadili limapulumutsadi ndalama, ndipo amene amagula ku Tesco wopanda khadi akudzilanga yekha. Lipoti lomwelo linanenanso kuti anthu 55 pa 100 aliwonse amakhulupirira kuti mtengo wa opanda khadi umakwezedwa dala, ndiponso kuti mtengo wa khadi si nthawi zonse umakhala wotsika koposa m'tauni. Koma pa phwando la munthu sawerengera mbale zosweka.

Amadziwanso kusunga chipata. Mu 2024 Which? inadandaula kuti makhadi a masitolo angapo, kuphatikizapo a Tesco, sankaperekedwa kwa ochepera zaka 18, ena ankafuna adiresi yokhazikika, ndipo la Lidl Plus limakhala m'foni yamakono basi. Choncho mwana wasukulu wogula sangweji, munthu wogona pakhonde la sitolo, ndi gogo amene foni yake ndi yamabatani, ndiwo anali ndi mwayi wolipira mtengo wathunthu. Pamafunika ena otero, apo ayi mtengo wachikasu ungaoneke wotsika poyerekeza ndi chiyani?

Amene amaganiza kuti athawira pa intaneti amawapeza mkuluyu atafika kale, atakhala pampando. Mitengo yachikasu iliko, koma ili ndi alonda ake. Kuyambira May 2023, wogula pa intaneti ku Tesco zinthu zosakwana £50 anayamba kulipira £5 yowonjezera, kuphatikiza pa ndalama yobweretsera katundu pakhomo. Wokhala yekha m'kachipinda amadzaza dengu ndi zinthu zimene sanazifune kuti apulumuke £5, ndipo amagona ali wokhutira kuti wachenjera. Palinso Clubcard Plus, imene inayamba mu November 2019 pa £7.99 pamwezi, yochotsera 10 peresenti pa kugula kuwiri kwakukulu mwezi uliwonse, koma kuchotserako n'kwa amene wapita yekha m'sitolo ndi miyendo yake. Wapa intaneti ali ndi chake cholipira pamwezi, chotchedwa Delivery Saver. Kulikonse kumene munthu angaime, pali umembala womuyembekezera. Ndipo sitolo nazo sizifanana: Which? inawerengera mu 2023 kuti wogula dengu lomwelo sabata iliyonse m'timasitolo ta Tesco Express angawononge mapaundi oposa 800 pachaka kuposa wopita ku sitolo yaikulu. Paketi imodzi ya mpunga ikhoza kukhala ndi mtengo wa pakhadi, wa popanda khadi, wa m'kasitolo ka pakona ndi wa pakhomo. Mpungawo ndi womwewo, ndipo ukaphikidwa sudziwa kuti unagulidwa bwanji.

Abale awo sanagone. Khadi la Nectar la ku Sainsbury's linayamba mitengo iwiri mu April 2023, ndipo lili ndi mitengo ina yosokedwa pa msinkhu wa munthu mmodzimmodzi malinga ndi zimene amakonda kugula, moti anthu awiri oima pa shelefu imodzi akhoza kulipira mosiyana onse ali ndi makhadi. Ku South Africa, Mmalawi wa ku Joni amafunsidwa za Smart Shopper ku Pick n Pay, imene inayamba mu 2011, ndi Xtra Savings ku Checkers ndi Shoprite, imene inayamba mu 2019.

Tsogolo likuoneka lowala kuposa apa. Mu September 2024 mkulu wa Tesco, Ken Murphy, ananena kuti makompyuta anzeru akhoza kudzagwiritsa ntchito zimene khadi limadziwa pochenjeza wogula kuti mchere wachuluka m'dengu lake, n'kumulozera zina zabwinopo. Ndiye kuti amene anatsitsa mtengo wa tchipisi Lolemba adzabweranso Lachisanu ndi nkhope yachisoni kudzafunsa za kuthamanga kwa magazi. Kukhala wogulitsa ndi mlangizi nthawi imodzi si ntchito ya munthu wamba.

Chomvetsa chisoni n'chakuti m'dzikomo mukadali sitolo zosadziwa mwambo. Aldi ilibe khadi. Munthu amalowa, amatola katundu, wapatila amamuponyera zinthu mwaliwiro ngati nyumba ikupsa, amalipira mtengo umodzi womwe aliyense akulipira, n'kutuluka osafunsidwa dzina, zaka, kapena kumene amagona. Palibe womuthokoza pa lisiti, palibe womuuza kuti wapulumutsa zingati. Kungoti Which? imayerekeza mitengo ya masitolo mwezi ndi mwezi, ndipo m'zaka za 2021, 2022, 2023 ndi 2024 sitolo yotsika mtengo koposa pachaka inali Aldi yomweyo. Mu 2024 anawerengera ndi mitengo yachikasu ya a Clubcard yomwe, koma dengu la sitolo yopanda ulemuyo linatsikabe.