Tsabola Wakale Wayamba Kuwawa

Akuluakulu anati tsabola wakale sawawa. Achinyamata mwambi umenewu amaukonda, pakuti pa miyambi yonse ndi wokhawu umene umawaikira kumbuyo. Koma amene anaupeka sanayesepo kukhoma bokosi la magemu pakhomo pake.

Ndikunena mabokosi aja otalika ngati munthu, okhala ndi kandodo kowongolera ndi mabatani, amene ana a m'ma 1980 ankaponyamo ndalama zachitsulo kuti asewere Pac-Man. Ana amenewo lero ndi abambo a mimba zawo, ndipo ena akukhoma mabokosi otere okha n'kuikamo kompyuta. Pulogalamu yake ndi MAME, imene Nicola Salmoria wa ku Italy anayambitsa mu 1997. Ntchito yake ndi kunamiza gemu yakale kuti ikadali m'makina ake a kale lomwe. Za matabwa sizivuta, kalipentala aliyense amaliza Loweruka lisanafike. Mlandu umabuka pokwatitsa graphics card ndi sikirini.

Munthu wofuna zenizeni amasaka sikirini ya CRT, ija yankhongo yaikulu yolemera ngati tchimo. Imeneyi imajambula mizere pafupifupi 15,700 pa sekondi, kapena kuti 15 kHz, ndipo siikambirana ndi munthu. Kompyuta nayo, chibwerere VGA mu 1987, imayambira pa 31 kHz, liwiro lowirikiza kawiri. Mukazilumikiza chisawawa, chithunzi chimabalalika, sikirini imalira kamluzu kosautsa m'makutu, ndipo mukaumirira china chake chimapsa m'katimo. Gogo sathamangitsidwa.

Ndiye bambo wathu amati ndalama ithetsa zonsezi, n'kukagula khadi lamakono lamafani atatu. Pofika nalo kunyumba apeza kuti lilibe ndi pobayira pomwe. Kampani ya Nvidia inasiya kutulutsa chithunzi cha analog pamakhadi ake akuluakulu mu 2016, pamene inabweretsa GTX 1080, chonsecho sikirini yakale chinenero chake n'chomwecho basi. Khadi loyenera ntchitoyi ndi la AMD lokalamba, monga Radeon HD 5450 ya mu 2010, kakhadi kopyapyala kamene okonza makompyuta amakaponya m'katoni ya zinyalala. Kameneko ukakaikira pulogalamu ya CRT Emudriver, yolembedwa ndi katswiri wodziwika ndi dzina loti Calamity, kamatsika mwaulemu mpaka pa 15 kHz. Lamafani atatu lija limabwerera m'bokosi lake, mwini wake akulipirabe ngongole.

Apa mpamene munthu amazindikira kuti magemu akale analibe mfumu. Aliyense ankayenda mayendedwe ake. Pac-Man ya mu 1980 imasintha chithunzi ka 60.6 pa sekondi, Street Fighter II ya mu 1991 ka 59.6, pamene Mortal Kombat ya mu 1992 imadziyendera mwachifatse pa 54.7. Sikirini wamba ya LCD imadziwa 60 yekha. Mukaikakamiza Mortal Kombat kutsatira 60, ankhonya aja amathamanga kuposa mmene analengedwera, nyimbo n'kuthamanganso nawo. Mukaileka, chithunzi chimang'ambika pakati kapena kutsimphina. CRT ilibe mwano wotere: pulogalamu ya GroovyMAME imaipatsa gemu iliyonse muyeso wake, iyo n'kungovomera. Inu ndi ine kusiyana kwa 59.6 ndi 60 sitingakuone. Bamboyo akuti amakuona, ndipo m'nyumba mwake palibe amene angayerekeze kumutsutsa.

Zovuta zina n'zazing'ono koma zolasa. Kompyuta ikangoyatsidwa, Windows isanadzuke, khadi limayamba lalankhula 31 kHz, motero sikirini iyenera kuyatsidwa pambuyo, apo ayi pakati pawo pakhale mkhalapakati ngati J-PAC ya kampani ya Ultimarc, imene imatsekereza liwiro lolakwika n'kukwezanso mphamvu ya chithunzi. Pac-Man nayo inapangidwira sikirini yoimirira, pamene Street Fighter imafuna yogona. Ndani atembenuze chimtolo chagalasi chimenecho gemu ikasintha? Ena amangokhoma mabokosi awiri, ndipo nkhani ya malo pabalaza imakafika kwa ankhoswe.

Kuwawa kwenikweni kuli kuseri. Kumbuyo kwa galasi la CRT kumayenda mavolti pafupifupi 25,000, ndipo ngakhale mutazula pulagi, magetsi ena amatsalira mmenemo kudikira chala cha munthu wachidwi. Apa sindikuseka ayi: amene sanaphunzire ntchitoyo asatsegule, akaitane wokonza ma TV.

Ofooka mtima amathawira ku LCD, koma kumeneko nakonso kuli sewero. Pagalasi lamakono magemu akale amaoneka owala moipa, timabokosi tokhatokha, chifukwa ojambula ake ankadalira CRT kuti isalaze m'mbali ndi kusakaniza mitundu. Choncho anthu amaikamo ma shader, timapulogalamu tobwezeretsa mizere yakuda, tokhotetsa m'makona ndi kuchititsa chithunzi kachifunga. Kuti zimenezi zioneke bwino pa sikirini ya 4K pamafunika khadi lamphamvu ndithu. Munthu amalipira ndalama zankhaninkhani kuti TV yatsopano ioneke ngati ija anapatsa wantchito wake zaka khumi zapitazo. Ndipo wantchitoyo akadziwa, asaigulitse motchipa: Sony inasiya kupanga sikirini zake za CRT zotchedwa Trinitron mu 2008, ndipo zotsalazo anthu a magemu akuchita kulimbirana.

Tsiku loti zonse zatheka, bambo amaitana mwana wake kuti adzaone mmene magemu enieni ankakhalira. Mwana amagwira kandodo kaja, mizukwa ya mu Pac-Man n'kumudya katatu mphindi ziwiri zisanathe, kenaka amafunsa ngati angabwereke foni. Bambo sakumva n'komwe. Aona kuti chithunzi chapendekera pang'ono kumanzere, ndipo akufunsa amene wachotsa sikuludiraiva pamene anaisiya.