Seva Yagwa, Bwerani Mawa

Pa kaofesi kena ku Limbe, bwana anatopa ndi ma virus. Lolemba lililonse wina ankabwera ndi flash yodzaza nyimbo za kwaya, ikalowa m'kompyuta basi ma invoisi onse asowa. Ndiye anaitana mnyamata wa IT, yemwe anachotsa makompyuta onse n'kumangirira timabokosi kuseri kwa masikirini. Timabokosito tilibe hard disk. Tikayatsidwa timakatenga zonse kudzera pa waya kwa kompyuta imodzi yaikulu, seva, ndipo pa sevapo pali Linux, ija anayambitsa Linus Torvalds ku Finland mu 1991. Mnyamatayo anafotokoza kwa ola lathunthu, koma bwana anangomvapo mawu amodzi: yaulere.

Oyamba kukhumudwa anali a akauntanti. Zaka zonsezi ulemu wawo unali pa chikompyuta cholira ngati chigayo pansi pa desiki. Lero ali ndi kabokosi kofanana ndendende ndi ka mtsikana wolandira alendo.

"Bwana, ngati mwanditsitsa udindo mungondiuza," anatero ataima pakhomo manja kumbuyo.

Amayi a sekilitale anasakasaka Word mpaka nthawi ya nkhomaliro. Atawaonetsa LibreOffice, anati kalata yolembedwa ndi zinthu zaulere iwo sangaitumize ku banki. Koma chowawa chenicheni, chimene palibe anachitchula pa miting'i, n'chakuti mnyamata uja sanaikemo masewera a makadi. Kuyambira 2 koloko mpaka kuweruka anthu azitani?

Anawapulumutsa ndi a Mesenjala. Tsiku lina anafuna pobayira ketulo, naona soketi ina kukachipinda kakumbuyo, nazula waya amene analipo. Masikirini onse anaima nthawi imodzi. Kale kompyuta ya munthu mmodzi ikafa, enawo ankagwirabe ntchito uku akum'chitira nsanje. Tsopano ofesi yonse inapuma limodzi, mopanda tsankho, tiyi ali m'manja.

Kuyambira pamenepo mawu akuti "seva yagwa" ndi mankhwala a chilichonse. Kasitomala akafuna lisiti, seva yagwa. Wangongole akafika, seva yagwa, bwerani mawa achimwene. Ngakhale a Mesenjala, omwe sanagwirepo mausi, akachedwa kubwera ku positi amati inali seva.

Bwana amayamikira Linux kwa mlendo aliyense, kuti ma virus anatheratu, ndipo n'zoona anathadi. Iwowo amagwiritsa ntchito laputopu yawo ya Windows, chitseko chili chotseka.