Ulemu Upite kwa Kabatani ka Transpose

Pa mwambo wa kwaya timathokoza abusa, mtsogoleri wa nyimbo, ndi bambo uja anagula kiyibodi atabwerako ku Joni. Kabatani kolembedwa kuti Transpose palibe amakatchula, chonsecho ndi komwe kasenza mapemphero a Lamulungu kuchokera ku Mpondasi mpaka ku Monkey Bay.

Taonani goli limene kanatichotsera. Piyano, chida chimene Bartolomeo Cristofori anayamba kupanga ku Florence cha m'ma 1700, lero ili ndi makiyi 88, oyera 52 ndi akuda 36. Aphunzitsi ouma mtima amati mwana azitha kuyimba nyimbo imodzi poyambira pa mawu onse 12, zala zizikwera ndi kutsika tsiku lililonse mpaka ziwawe. Ndi dzuwa la Okutobala la ku Mangochi kunoli, usipa ukudikira pathandala? Kabatani kathu n'kachifundo. Mnyamata akangogwira do, fa ndi so mu F, sukulu yatha, mawa akuphunzitsa mng'ono wake. Amayi akayambira nyimbo kumwamba, iye amangodina kawiri kapena katatu, kiyibodi ya Yamaha n'kuwalondola, zala zili pomwe zija. Potuluka mumangomva, "Mwana wa a uje ali ndi mphatso!"

A m'tauni asatiseke. Irving Berlin, amene anapeka White Christmas ku America, ankayimba pafupifupi zonse mu F sharp, ndipo piyano yake inali ndi kachitsulo kosunthira kiyi. Ngati iye anatchuka nazo dziko lonse, wa ku Malindi walakwanji?

Kabatani kathu kalinso ndi nthabwala zake. Magetsi akaphethira pakati pa nyimbo, kapena waya wa pa batire la galimoto akagwedera, kiyibodi imayiwala pangano n'kubwerera pa ziro. Apo kwaya ndi chida zimakhala ngati ngalawa ziwiri zokoka khoka limodzi, ina kuloza ku Nkope, ina ku Makanjira. Mtsogoleri amacheuka ndi diso lofiira. Mnyamata amagwada msangamsanga, n'kuyamba kupapasa mawaya nkhope ili gwa, ngati katswiri. Mlandu umagwera waya, nthawi zina adaputala. Kabatani sikanaitanidwepo kubwalo.

Mdani wake ndi mmodzi yekha, piyano yamatabwa yosafuna magetsi. Mnyamata wathu akaitanidwa ku ukwati kumene kuli yoteroyo, amaizungulira kaye. Amasuzumira kunsi, amatsegula chivundikiro, amasisita m'mbali kufuna kabwenzi kake. Kenako amapita kwa ankhoswe, manja kumbuyo, n'kunena mwaulemu kuti, "Pepani bambo, chinyezi cha kunyanja chinaiwononga imeneyi. Bwanji titume wa kabaza akatenge kiyibodi kutchalitchi?"