Zomwe ndinamva kwa wosoka nsapato

Pamsika wa Nsungwi ku Area 25 pali mkulu wina wosoka nsapato, ndipo pabenchi pake sipasowa nkhani. Loweruka lina panakhala mnyamata wovala mwatauni, atagwira nsapato zakutha chidendene, dothi litaumira m'mbali.

"Izi ndiye mwazizunza, achimwene. Mumaponda nazo pati?"

"Ku Tsangano, madala. Kwa agogo."

Mnyamatayo anabadwira mu Lilongwe momwemuno. Atalemba mayeso a MSCE, bambo ake anaona kuti akungokhalira foni podikira kusankhidwa ku yunivesite, n'kumukweza basi ya ku Ntcheu. Anapita akunyinyirika. Makolo ambiri m'tauni timatero, kumudzi timakusandutsa koopsezera ana: ukapitiriza mwanowu ndikutumiza kwa agogo ako. Zimandiwawa, chifukwa kalembera wa 2018 anapeza kuti Amalawi 84 pa 100 alionse amakhala kumudzi. Dziko lenilenilo ndiye talisandutsa chilango.

"Sabata yoyamba ndinkangolira ndi kuzizira," anatero. Kenako anatambasula zikhatho kuonetsa mkuluyo zipsera za matuza. "Mpini wa khasu uwu. Matuza ataphulika, agogo anangondimanga kansanza, n'kunena kuti mzere sudikira munthu."

Koma anakhalitsa pa nkhani ya matumba. Atakolola, iye anawerenga chimangacho n'kuona kuti n'chambiri, ndiye anawauza agogo kuti agulitseko, popeza mavenda anali atafika kale ndi masikelo awo. Agogowo, omwe sukulu anailekeza asanadziwe kulemba kalata, anamukhazika pakhonde n'kuyamba kugawa matumbawo ndi chala. Awa ndi a pakamwa pathu mpaka mondokwa utapsa. Ili ndi la aganyu odzapalira. Ili ndi la maliro, chifukwa maliro sapangana tsiku. Ili anankafumbwe adzadya, tifune tisafune. Pomaliza panalibe thumba logulitsa.

"Madala, masamu ndinakhoza bwino ine. Koma sindinkadziwa kuti chimanga chomwe mlimi amagulitsa motchipa mu Meyi, amakachigulanso yekha mu Januwale mtengo utakwera. Azakhali ena oyandikana nafe anagulitsa kuti alipirire mwana fizi. Pofika Febuluwale ankadya kamodzi, madzulo okha, kwinaku akupalira m'munda mwa eni, mwawo mukumera thengo."

Mayi wina wogulitsa tomato, amene ankamvetsera ali chapatali, analowerera. "Nanga mumayesa ife timadulitsa dala? Kachewere ndi kabichi mumadyazi zimachoka komweko, kudzera pa Lizulu. Funsani amene walimayo watsala ndi zingati akachotsa za feteleza."

Mnyamatayo anavomera. Anati anaona yekha thumba la feteleza la makilogalamu 50 likugawidwa ndi mbale pakati pa mabanja angapo, wina aliyense akuyang'anitsitsa kuti mbale isasefukire kwa mnzake.

Sanakukometsere kumudziko, ndipo ndinamukonda chifukwa cha zimenezo. Ananena za mzere wa pamjigo, za mayi woyembekezera amene anamunyamula panjinga usiku kupita kuchipatala, za anzake a msinkhu wake omwe anasiya sukulu n'kumaganiza za ku Joni basi. Koma atafika pa za maliro mawu ake anatsika. Kutamwalira nkhalamba ina, anyamata anamugogodera m'bandakucha kuti akakumbe nawo manda. Palibe anamufunsa ngati akufuna. Amayi ankabwera ndi ufa m'mbale, ena nkhuni pamutu, wina kankhuku kukhwapa.

"Kuno mnzathu wa nyumba yachitatu atamwalira, ine ndinamvera pa WhatsApp. Kuja ndinalowa m'dzenje ndi fosholo, munthu wake sindinkamudziwa n'komwe. Titamaliza anandipatsa madzi osamba m'manja limodzi ndi adzukulu ena, ndipo kuyambira tsiku limenelo anasiya kundiitana kuti mlendo."

Wosoka nsapatoyo anadula ulusi ndi mano. "Ndiye mubwererako?"

"Ndalama ya ganyu yomwe ndagwira m'tauni muno ndikufuna ndigulire agogo matumba a PICS, aja osathira mankhwala. Thumba la anankafumbwe lija limandisowetsa tulo. Amagulitsa pati kuno?"

Mayi wa tomato uja anamulozera kwa ogulitsa zipangizo zaulimi kutsidya kwa msewu, n'kumuuza kuti aonetsetse mapepala awiri a mkatiwo ngati sanabooke asanapereke ndalama.